Azakhali Ayankha: Pepala la Patenti Silipha Majeremusi

Ana a alongo anga, sabata ino mwandidabwitsa. Ine ndinazolowera makalata a mitima yosweka, a apongozi ovundukula mapoto a eni, ndi a amuna ogona foni ili kunsi kwa pilo. Koma thumba la ulendo uno likungonunkha kolorini. Zikuoneka kuti chidutsireni Covid-19 ndi mliri wa kolera uja wa 2022 ndi 2023, nyumba iliyonse kuyambira ku Chirimba mpaka ku Bangwe yabala wasayansi wake, ndipo aliyense akulota patenti. Yalani mphasa, titambasule miyendo.

Akuti ndigulitse makina osokera

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, timakhala ku Bangwe. Amuna anga ntchito itawathera anayamba geni yopanga sopo wamadzi ndi sanitaiza, n'kumakagulitsa m'masaluni ndi m'malesitilanti a mu Limbe. Poyamba ndinkayamika chifukwa ya ndiwo inkapezeka. Pano akuti atulukira mankhwala opha majeremusi onse a pansi pano. Amasakaniza zinthu zawo m'ndowa yanga yotungira madzi, chitseko ndi mawindo atatseka kuti aneba asabe nzeru. Tsiku lina anatuluka m'menemo akutsokomola, maso ali psuu, koma akuti chimenecho ndicho chizindikiro choti mankhwalawo ndi amphamvu. Tsopano akuti ndigulitse makina anga osokera kuti akalembetse patenti, tidzasamukire ku Namiwawa. Ndigulitse?

Wothedwa Nzeru, Bangwe

Mwana wa alongo anga, makinawo uwakokere kumutu kwa bedi, ndipo ukamapita kumsika uzikhoma chipinda, kiyi kunsonga ya chitenje.

Tiyambe ndi chifuwacho, poti wodzera kumanda a HHI safika ku Namiwawa. Munthu akathira asidi, kaya viniga kaya mankhwala ena otsukira chimbudzi, mu Jik kapena mu HTH, pamatuluka mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi mapapo. Ngati ndi umenewo akamwini atulukira, uwauze kuti achedwa: asilikali a Germany anaupopera kale adani awo ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915. Mawindo atsegule, ndowa agule yawo, ana asayandikire.

Tsono patenti n'chiyani? Ndi pangano la munthu ndi boma. Iwe umalemba poyera zonse za chimene watulukira, muyeso uliwonse ndi njira yonse, mwakuti katswiri wina atawerenga akhoza kuchipanga. Boma nalo limalamula kuti kwa zaka zakutizakuti wina asapange kapena kugulitsa chimenecho popanda chilolezo chako. Lamulo limene tinalandira m'nthawi ya Chitaganya mu 1957 linaika zaka 16, pomwe maiko ambiri amapereka zaka 20. Zikatha, nzeruyo ndi ya aliyense. Ndiye bambo amene akutseka mawindo poopa aneba adziwe kuti patenti ndi kuulula, osati kwa aneba okha, koma kwa dziko lonse lapansi. Ili ngati benchi la mumsika wa Limbe: umalipira kuti ukhalepo wekha, ukaleka kulipira limapita, ndipo a khonsolo salonjeza kuti kasitomala aima pamenepo.

Kolembetsa kulipo. Pali ofesi ya boma ija tinazolowera kuitchula kuti kwa Registrar General, palinso bungwe la ARIPO ku Harare, limene mwa pangano la 1982 limalola kuti pempho limodzi likuteteze m'maiko angapo a mu Africa. Koma kumeneko safunsa kuti munthu anatsokomola bwanji. Mafunso awo ndi atatu: kodi n'chatsopano padziko lonse? Kodi katswiri wina aliyense sakanachiganiza yekha? Kodi chingapangidwe n'kugwira ntchito? Sanitaiza amagwa pa funso loyamba lomwelo. Muyeso wake bungwe la WHO linaufalitsa mwaulere kalekale: spiriti wa ethanol 80 peresenti, glycerol 1.45 peresenti kuti manja asaume ndi kung'aluka, hydrogen peroxide 0.125 peresenti wopha tizilombo totsalira m'botolo, kotsalako madzi owiritsa atazizira. Dokotala Didier Pittet ndi anzake a ku Geneva anaupereka wopanda patenti mwadala, kuti chipatala chilichonse chosauka chizidzipangira chokha. Spiriti naye sachokera kutali, amatchezedwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Kachasu wa kuseri kwa nyumba ndiye ayi: sanitaiza wosafika 60 peresenti amangowaledzeretsa majeremusi, mawa amadzuka.

Chimene akamwini akusowa si patenti. Anyamule botolo lawo apite nalo ku Malawi Bureau of Standards likayezedwe, chifukwa pepala la patenti silichitira umboni kuti chinthu chimapha majeremusi kapena kuti sichivulaza munthu. Akafuna choti chikhale chawochawo, alembetse dzina ndi chizindikiro cha sopo wawoyo pansi pa lamulo la 2018, poti chimene mayi wa saluni amakumbukira ndi dzina la pabotolo. Iwe pitiriza kusoka mayunifolomu, kuti wasayansi wathu azipeza nsima potuluka m'labotale.

Mankhwala a agogo ndiwalembetse m'dzina langa?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa ku Chilomoni, sukulu ndinamaliza koma ntchito sikupezeka. Agogo anga a ku Chikwawa amadziwa kukonza mafuta a nimu opaka pa zipere ndi pa tizilonda, moti anthu amachokera kutali kukawapempha. Ndinawaonerera mpaka ndinaloweza zonse. Ndikufuna kulembetsa patenti m'dzina langa agogo asanauze asuweni anga, ndizigulitsa m'mabotolo pa Ginnery Corner ndi pa Facebook. Agogo sadziwa kuwerenga, ndiye sizingawakhudze. Ndiyambire pati?

Wofuna Kutukuka, Chilomoni

Uyambire pa minibasi ya ku Chikwawa, mwana iwe, shuga ndi sopo zili m'manja, ukagwade pamaso pa agogo ako. Anzako amaba nkhuku, iwe wasankha kuba gogo wathunthu!

Mwayi wako ndi wakuti kubako sikungatheke n'komwe, ndipo akuluakulu okuposa anayesapo kale. Mu 1994 ofesi ya patenti ya ku Ulaya inapatsa kampani ya W. R. Grace ya ku America, pamodzi ndi unduna wa zamalimidwe wa dzikolo, patenti ya mankhwala opha chuku pa mbewu opangidwa ndi mafuta a nimu. Amwenye anadzuma, poti mtengo umenewu makolo awo akhala akuudalira kuyambira makedzana. Mayi Vandana Shiva ndi anzawo anakatsutsa, umboni unaperekedwa woti nimu ankapoperedwa kale m'minda ya ku India, ndipo mu 2000 patentiyo inafafanizidwa. Apilo nayo inagwa mu 2005. Chimene mudzi wonse ukudziwa si chatsopano, ngakhale uchiveke lebulo yonyezimira.

Dziko lako lomwe lino laima kumbali ya agogo. Maiko a mu ARIPO anagwirizana mu 2010 ku Swakopmund, m'dziko la Namibia, zoteteza nzeru za makolo kuti phindu lake lizibwerera kwa eni ake. Mu Meyi 2024 kunamangidwa pangano lina ku Geneva pansi pa bungwe la WIPO, lakuti wopempha patenti yochokera ku zomera kapena ku nzeru za makolo aziulula kumene anazitenga, ndipo mu Disembala chaka chomwecho dziko la Malawi linakhala loyamba kulivomereza. Tangoganiza manyazi ake: boma lili jijirijijiri ku Geneva kuteteza agogo kwa alendo, wakuba n'kupezeka kuti ndi mdzukulu wa ku Chilomoni.

Njira yoongoka ilipo. Ukhale pansi ndi agogo, amalume ako ndi asuweni omwe ukuwazembawo, mugwirizane, mulembe. Kenako ufunefune akatswiri a zamankhwala ku sukulu za ukachenjede za KUHeS kapena MUST, ayeze ngati mafutawo amaphadi tizilombo ta zipere, pa muyeso wanji, ndiponso ngati sawotcha khungu la mwana. Mutapeza njira yatsopano yoyengera mafutawo, kapena yowasunga chaka chathunthu mphamvu yake osatha, imeneyo ndiyo ingayesedwe pa patenti, mtengo wa nimu ayi. Ndipo chinthu chikamagulitsidwa ndi lonjezo loti chimachiritsa, bungwe loona za mankhwala la PMRA liyenera kuchiona kaye.

Usapeputse kuyezako. Mu 1937 ku America kampani ina inasungunula mankhwala abwinobwino opha mabakiteriya m'madzi otsekemera otchedwa diethylene glycol, osayeza kaye, ndipo anthu oposa 100 anafa, ena mwa iwo ana. Poizoni yemweyo anapezekanso mu 2022 m'mankhwala a chifuwa ku Gambia, kumene ana pafupifupi 70 anamwalira. Onsewo anali m'mabotolo a kufakitale, malebulo osindikizidwa bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ukwati ukudikira patenti

Azakhali okondedwa,

Ndili pa ubwenzi ndi mnyamata amene amagwira ntchito m'labotale ya fakitale ina ku Makata. Chinkhoswe tinachita zaka ziwiri zapitazo. Iye akuti wapeza njira yatsopano yophikira mankhwala okolopera, yosadya magetsi ambiri ndiponso yosataya zipangizo. Anajambula vidiyo yofotokoza zonse n'kuika pa TikTok, ndipo anthu anaikonda kwambiri. Tsopano abwana ake akuti njirayo ndi ya kampani, iye akuti ndi yake. Ndikafunsa za ukwati amati tidikire patenti ituluke, kuti madyerero adzachitikire ku hotela, osati m'holo ya tchalitchi. Ndidikire?

Wotopa Kudikira, Ndirande

Mwana wanga, zifukwa zozembera ukwati ndamvapo zambiri: fetereza wakwera, amalume ali ku Johannesburg, suti ili kwa telala. Koma ichi ndiye chatsopano padziko lonse. Mwina chifukwa chimenechi ndicho akalembetse ku Harare.

Choyamba, patenti imatenga zaka kuti ituluke, ndipo ikatuluka siibwera ndi cheke. Zambiri zimangokalambira m'kabati osabweretsa ngakhale tambala, eni ake akulipirabe chaka ndi chaka kuti zisafe.

Chachiwiri, vidiyo ija. Chinthu ukachiulula poyera usanapereke pempho, m'maiko ambiri chimaleka kukhala chatsopano, ngakhale woululayo ukhale iwe mwini. Wochenjera amalemba zonse m'kope ndi madeti ake, amatseka pakamwa, amapereka pempho, kenako ndi pomwe amavina pa TikTok. Wakoyo anayamba ndi kuvina.

Chachitatu, abwana. Munthu akalembedwa ntchito yofufuza, n'kutulukira chinthu m'labotale ya kampani, ndi zipangizo za kampani, pa nthawi imene kampani ikumulipira, kawirikawiri chinthucho chimakhala cha kampani. Afufuze kontirakiti ija anasaina osawerenga tsiku loyamba, apite nayo kwa loya. Mwina chimene angapezepo ndi kukwezedwa pa ntchito kapena kangachepe, ndipo zimenezo amapempha mu ofesi mwaulemu, osati pa intaneti.

Komabe nzeru ali nazo mnyamatayo, tisamunyozeretu. Pa zamankhwala pali patenti ya chinthu chenichenicho, palinso patenti ya njira yochipangira, ndipo njira si yochepa. Lamulo la ku India la 1970 linkateteza njira yokha, osati mankhwalawo, mpaka 2005. Akatswiri akumeneko anazolowera kufikira pa mankhwala omwewo podzera njira zina zotchipa, n'chifukwa chake lero ukatembenuza paketi ya ku famase kawirikawiri umawerenga India. Penicillin nayenso zinali choncho. Alexander Fleming anamuona mu 1928, gulu la Howard Florey ku Oxford linamusandutsa mankhwala osalembetsa kanthu, koma amene anadzatenga patenti ndi Andrew Moyer wa ku Peoria, ku America, pa njira yomeretsera chuku chambiri chobala penicillin m'matsukwa a chimanga a kufakitale.

Udziwenso kuti ngakhale zimphona zimalondera khomo lolakwika. Mu 1932 a kampani ya Bayer analembetsa utoto wofiira wotchedwa Prontosil, umene unkachiritsa matenda a mabakiteriya. Mu 1935 akatswiri a ku Institut Pasteur, ku Paris, anapeza kuti thupi limauphwanya utotowo, ndipo chimene chimagonjetsa mabakiteriya ndi kachigawo kotchedwa sulfanilamide. Kameneka Paul Gelmo anali atakapanga kale ku Vienna mu 1908, ndipo kanalibenso mwini. Mafakitale ambirimbiri anangoyamba kukapanga, Bayer ikuyang'ana. Bactrim amene mumamwa lero ndi wa fuko lomwelo. Ngati zinawachitikira a Bayer ndi maloya awo onse, nanji wako wa vidiyo?

Ndiye tuma ankhoswe akafunse tsiku. Holo ya tchalitchi yakwatitsa anthu ambiri ku Ndirande, ndipo mabanja awo alipobe. Akakana kutchula mwezi, udziwe kuti chimene chikuphikidwa ku Makata si mankhwala okolopera okha.

Apongozi amakana mankhwala a ku India

Azakhali,

Apongozi anga aakazi timakhala nawo ku Zingwangwa. Akapita kuchipatala n'kulandira mankhwala olembedwa kuti India, amati ndi feki, amafuna orijino wa dzina lotchuka, ndipo amuna anga amakawagulira modula m'tauni. Chodabwitsa n'chakuti akamva kachimfine amatuma mwana kukagula makapisozi awiri kapena atatu kwa mavenda, akamwa n'kupezako bwino amasiya. Otsala amathira m'madzi a nkhuku. Ndikalankhula akuti ndine wamwano. Nditani?

Mpongozi Wodandaula, Zingwangwa

Mwana wa alongo anga, apongozi sawalangiza utaimirira. Uwaphikire tiyi wamkaka, ukhale pansi, uwawerengere izi ngati kuti ukuwafunsa nzeru.

Amayi, dzina lotchukalo ndi la kampani imene inayamba kupanga mankhwalawo n'kukhala ndi patenti. Zaka za patenti zikatha, makampani ena amaloledwa kupanga mankhwala omwewo, a mphamvu yomweyo, pa mtengo wotsika chifukwa iwo sakubweza ndalama za kafukufuku. Amene ali m'kaundula wa PMRA si feki, kaya achokere ku India kaya ku Ulaya. Wokayikitsa ndi uja wopanda kwawo, woyalidwa padzuwa pambali pa mankhwala a makoswe, amene inu mumatumako mwana.

Mukakayikabe, kumbukani zaka zija tinkangokhalira kumaliro. Cha m'ma 2000 ma ARV a patenti ankafika madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pachaka. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ipereka mitundu itatu yofunika ya ma ARV pa madola 350 pachaka. Chaka chomwecho makampani 39 amene anasumira boma la South Africa pa nkhani ya mankhwala otchipa anausiya mlanduwo ku Pretoria, ndipo msonkhano wa WTO wa ku Doha unagamula kuti patenti isalepheretse maiko kuteteza umoyo wa anthu awo. Mu 2004 dziko lino linayamba kupereka ma ARV aulere. Ena mwa amene mumaimba nawo kwaya ali moyo lero chifukwa cha mapiritsi olembedwa India omwe mukuwanyozawo. Mpaka pano bungwe la WTO silikakamiza maiko osaukitsitsa, kuphatikizapo lathu, kuteteza patenti za mankhwala kufikira pa 1 Januwale 2033.

Tsono choopsa chenicheni ndi makapisozi awiriwo. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo makapisozi opha mabakiteriya sawachita kanthu. Mukanachira ngakhale ndi madzi a mandimu. Koma mabakiteriya okhala m'matumbo mwanu amalawa kamuyeso koperewerako, ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana, ndipo tsiku limene mudzadwaladi, mankhwalawo sadzawamvanso. Nkhuku zikamwa otsalawo nazo zimaweta olimba omwewo, n'kuwamwaza pabwalo pomwe adzukulu anu amakwawa. Fleming mwiniwake anachenjeza za muyeso woperewera polandira mphotho ya Nobel mu 1945.

Ife kuno taziona ndi maso. Chloroquine anafooka pa malungo mpaka tinamusiya mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero. Ku chipatala cha Gulupu konkuno, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti pa mabakiteriya 100 aliwonse a mtundu wa Klebsiella, osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi 12 mu 2003, koma pofika 2016 anali 90. Ceftriaxone ndi jakisoni amene madokotala amadalira munthu akafika ali kayakaya, ndipo Klebsiella amakonda kugwira makanda obadwa kumene. Mankhwala atsopano olowa m'malo mwake akutulukira ochepa, amabwera ndi patenti zawo, ndipo mtengo wake si wa thumba la ku Zingwangwa. Amene tili nawo otchipawa ndiwo tiwasamale.

Ndiye amayi, mankhwala opha mabakiteriya azichokera kwa dokotala, muzimwa monga wanenera, ndipo nkhuku zikadwala pali alangizi a ziweto. Iwe mpongozi, ndalama ya orijino ija uuze amuna ako azikupatsa, uzigulira sopo ndi kolorini wa m'madzi akumwa, poti matenda amene sanalowe m'nyumba safuna kapisozi. Apongozi akati ndiwe wamwano, uwauze kuti mwanowo ndi wa Azakhali, abwere adzandipeze. Ndiwalandira ndi thobwa, koma nkhuku yawoyo asanyamule, ine sindidya.